Woperekeza Amabwerera Pati? Kuunika Ntchito ya Namwino Wolondolera Odwala Sitiroko

Munthu akagwidwa ndi sitiroko amadutsa pa makomo ambiri asanafike kwawo. Amalowa pa khomo la odwala mwadzidzidzi, amagonekedwa m'wodi, amapita kwa amafizo ngati alipo, kenako tsiku lina m'mawa dokotala amalemba m'fayilo kuti atha kutuluka. Pa khomo lililonse pamatayika kanthu. Dokotala wa m'wodi wasintha mankhwala a kuthamanga kwa magazi, koma wa kukiliniki sakudziwa. Namwino wa usiku anaona kuti wodwalayo amatsamwa akamamwa madzi, koma kalata yomutulutsa sikunenapo kanthu. Mkazi wake wapatsidwa timapaketi ta mankhwala ndi tsiku lodzabweranso, koma palibe amene wamusonyeza kadzutsidwe ka munthu wamkulu amene mbali imodzi ya thupi lake sikugwira.

Ku America mipata imeneyi anaipatsa dzina loti care transitions, ndipo anaikapo munthu woti aziilondera, amene amamutcha nurse navigator. Ameneyu ndi namwino amene amakumana ndi wodwala akadali m'wodi, kumuimbira foni akafika kunyumba, kuona ngati mankhwala ali m'malo mwake, kumupezera tsiku loonana ndi dokotala, ndi kumulumikiza kwa amafizo kapena kwa ena othandiza. Lingaliroli limamveka bwino moti munthu amachita manyazi kulifunsa mafunso. Ine ndikufuna kuliwerenga monga mmene womasulira amawerengera chiganizo chimene wapatsidwa: kufunsa chimene mawuwo akulonjeza, chimene akubisa, ndi chimene chingatsale akasamutsidwira m'chilankhulo china ndi m'dziko lina.

Mawuwa anayambira pa khansa, m'chipatala cha Harlem mumzinda wa New York. Dokotala wa maopaleshoni, Harold Freeman, anaona kuti amayi osauka, ambiri mwa iwo akuda, ankafika ndi khansa ya m'mawere itakula kale, ndipo ena amene chotupa chinapezeka msanga ankasowa pakati pa kuyezedwa ndi kulandira chithandizo. Wina analibe inshuwalansi, wina analibe womusiyira ana, wina ankaopa, wina sanamve zimene dokotala ananena. Mu 1990 Freeman anayambitsa ntchito ya anthu oyenda ndi wodwala aliyense n'kumachotsa zopinga zimenezi chimodzichimodzi. Ziwerengero zimene zimatchulidwa kawirikawiri n'zakuti poyamba amayi 39 pa 100 alionse ndiwo ankakhalabe moyo patatha zaka zisanu, ndipo pambuyo pake anafika 70 pa 100 alionse. Mu 2005 pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lothandiza ntchito yotereyi m'dziko lonselo, ndipo kuchokera pamenepo dzinali linafalikira ku matenda ena.

Pali zinthu ziwiri za ku Harlem zimene zimakonda kutayika nkhaniyi ikamafotokozedwa. Choyamba, kusintha kwa ziwerengero kuja sikunabwere ndi olondolera okha. Pa nthawi yomweyo amayi ankayezedwa mawere kwaulere kapena pa mtengo wotsika. Panali khomo lotseguka lowalondolerako. Chachiwiri, ulendo wa wodwala khansa ndi wa wodwala sitiroko umayang'ana kosiyana. Wa khansa akulowa m'chipatala, kumene kuli makina, mankhwala ndi madokotala, ndipo kawirikawiri amayenda yekha ndi kudzilankhulira. Wa sitiroko akuchoka kumene kuli zonsezi, akupita kunyumba kumene kuli masitepe, chimbudzi chopapatiza ndi wachibale mmodzi wotopa. Dzina limodzi lavala ntchito ziwiri zosiyana.

Tsono tiliyang'ane dzinalo. M'Chingerezi navigator ndi munthu wa m'sitima yapamadzi kapena m'ndege amene amagwira mapu ndi kampasi n'kumauza woyendetsa kolowera. Womasulira wofulumira angalembe kuti namulondola, ndipo sangalakwe kwenikweni. Koma namulondola amafunika pamene njira ilipo ndipo wapaulendo ndiye sakuidziwa. Kusankha mawu amenewa ndi kunena kale kumene vuto lili: lili m'mutu mwa wodwala, amene sadziwa manambala a foni, mayina a mankhwala ndi maofesi oyenera. Mukamuuza, afika. Funso loti kodi njirayo ilipodi, kapena mlatho unakokoloka kalekale, dzinali silifunsa.

Funsoli linayesedwa bwino m'chigawo cha North Carolina, chimodzi mwa zigawo za kummwera chakummawa kwa America kumene anthu akhala akufa ndi sitiroko kuposa madera ena kwa zaka zambiri. Kafukufukuyo ankatchedwa COMPASS, ndipo anatsogoleredwa ndi Pamela Duncan, katswiri wa mafizo wa ku Wake Forest. Zipatala pafupifupi 40 zinagawidwa mwa mayere m'magulu awiri. Gulu lina linapitiriza monga mwa masiku onse. Gulu linalo linalonjeza kuti wodwala aliyense wotulutsidwa kupita kwawo aimbiridwa foni ndi namwino pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, adzaonedwa kukiliniki pakati pa masiku 7 ndi 14, ndipo adzalandira ndondomeko yolembedwa ya iye yekha. Odwala pafupifupi 6,000 analowa m'kafukufukuyu pakati pa 2016 ndi 2018.

Okonza ndondomekoyi anaikonda kampasi yawo mpaka anamangira uphungu wonse pa zilembo zinayi za mbali za dziko m'Chingerezi. N ankaimira Numbers, kudziwa manambala a magazi ako ndi shuga wako. E ankaimira Engage, kugwiritsa ntchito thupi ndi maganizo. S ankaimira Support, chithandizo cha abale ndi anthu a m'dera. W ankaimira Willingness, mtima wofuna kumwa mankhwala ndi kusintha kakhalidwe. M'Chichewa luso limeneli limafa pomwepo, chifukwa kumpoto, kummawa, kummwera ndi kumadzulo zonse zimayamba ndi chilembo chimodzi. Imfa yotereyi imathandiza womasulira, chifukwa zokometsera zikagwa mumaona chimene chatsala. Chatsala ndi malangizo anayi, ndipo atatu mwa iwo ndi ntchito yopatsidwa kwa wodwala. Lomalizalo ndiye lolemera kwambiri. Munthu amene sanabwere kukiliniki chifukwa analibe womuyendetsa akhoza kulembedwa m'gulu la osowa mtima wofuna.

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2020. Patatha masiku 90, odwala a m'zipatala za ndondomeko yatsopano sankasiyana kwenikweni ndi anzawo aja pa kutha kuyenda, kuvala, kusamba ndi kudzichitira zina za tsiku ndi tsiku. Chimene chinaoneka kuti chakwera ndi chiwerengero cha amene ankadziyeza magazi kunyumba. Ndipo mwa odwala amene analonjezedwa kuonedwa kukiliniki, 35 okha pa 100 alionse ndiwo anaonedwadi.

Olemba lipotili ayenera kuyamikiridwa chifukwa sanabise. Ananena poyera kuti ndondomekoyo sinakhazikike mofanana m'zipatala zenizeni, ndipo sanapeze kusintha kumene ankayembekezera. Wina anganene kuti tiyang'ane okhawo amene anabwera, poti ndiwo analandira chithandizo chonse. Koma amene amakwanitsa kubwera kukiliniki patatha sabata ndi uja ali ndi galimoto, mwana womuyendetsa, ndi mwendo wotha kukwera sitepe. Ameneyo akanachira bwinopo ngakhale popanda namwino. Chiwerengero chimene chimandiuza zambiri ndi cha 65 aja amene sanaoneke. Munthu amene wangodwala sitiroko amaletsedwa kuyendetsa galimoto kwa kanthawi, ndipo m'midzi ya ku North Carolina mabasi ndi osowa. Kumupatsa tsiku ndi ola loti abwere ndi kumulozera njira imene sangathe kuyendamo.

Mawu akuti masiku awiri ogwira ntchito nawonso ali ndi kwawo. Kuyambira mu 2013 Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba ku America, inayamba kulipira madokotala ndi makiliniki pa ntchito yotsatira wodwala akatuluka m'chipatala, malinga ngati alankhula naye pasanathe masiku awiri ogwira ntchito ndi kumuona pamaso pasanathe masiku 7 kapena 14. COMPASS inasokedwa molingana ndi muyeso umenewu kuti zipatala zizitha kubwezeredwa ndalama. Pamenepa panali nzeru, chifukwa ntchito yopanda woilipira imatha kafukufuku akatha. Koma taganizani za wotulutsidwa Lachisanu madzulo. Mwa lamulo, foni yake ikhoza kulira Lachiwiri. Usiku woyamba, pamene ayenera kupita kuchimbudzi mumdima ndi mwendo wokoka, wadutsa kale. Phala loyamba limene angatsamwe nalo n'kuyamba chibayo wamwa kale. Kalendala imeneyi ndi ya ofesi yolipira, ndipo thupi la wodwala siliidziwa.

Palinso nkhani ya foniyo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko amavutika kulankhula kapena kumva tanthauzo la mawu, chifukwa mbali ya ubongo yosunga chilankhulo yavulala. Amadziwa chimene akufuna kunena koma mawu sabwera, kapena amabwera ena. Wina amayankha kuti eya pa funso lililonse. Ndondomeko imene chida chake choyamba ndi foni imafika mosavuta kwa amene matendawa anawasiyira pakamwa, ndipo kwa enawo imalankhula ndi wachibale. Kafukufuku wa COMPASS analandira olankhula Chingerezi kapena Chisipanishi okha, ndipo mayankho a pa tsiku la 90 anapezeka kwa odwala 59 pa 100 alionse. Sindikunena izi pofuna kunyoza ofufuzawo, poti kafukufuku aliyense ali ndi malire. Ndikunena chifukwa aliyense amene wagwirapo ntchito yomasulira amadziwa kuti amene sanathe kuyankha ndi amene nthawi zambiri anali ndi zambiri zoti anene.

Chinthu china chofunika kusamala nacho ndi muyeso umene zipatala za ku America zimakonda poyamikira anamwino amenewa, woti ndi odwala angati amene agonekedwanso pasanathe masiku 30. Kumeneko wodwala wobwerera msanga ndi chizindikiro chakuti china chinalakwika, ndiponso ndi ndalama zotayika. Muyeso umenewu ukasamutsidwa wosauganizira ukhoza kunama. Kumene chipatala chili pa mtunda wa makilomita ambiri ndipo thiransipoti ndi ya ndalama, wodwala amene sanabwererenso sakutanthauza kuti ali bwino. Mwina abale anaona kuti palibe chimene chipatala chingachitenso. Mwina maliro anachitika sabata yachitatu, ndipo m'kaundula wa chipatala munalembedwa kuti zonse zinayenda bwino.

Maiko osauka akaona kuti sangakwanitse kulemba anamwino apadera, amathamangira ku yankho looneka lachidule: tiphunzitse abale. Yankholi linayesedwa ku India m'kafukufuku wotchedwa ATTEND, amene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2017. Odwala 1,250 a m'zipatala 14 anagawidwa pawiri. Theka anathandizidwa monga mwa masiku onse. Kwa theka linalo, wachibale anaphunzitsidwa akadali m'chipatala kadzutsidwe, kagonekedwe, kadyetsedwe ndi mafizo oyenera, ndipo wophunzitsayo ankawayendera kunyumba kangapo m'miyezi iwiri yoyamba. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene anamwalira kapena kukhalabe odalira ena anali pafupifupi 47 pa 100 alionse m'magulu onse awiri. Maphunzirowo sanavulaze munthu, koma sanasinthenso mapeto. Mkazi amene waphunzira mafizo kwa maola ochepa amakhalabe yemweyo woti aphike, achape, atunge madzi ndi kufunafuna ndalama.

Pali njira imodzi imene umboni wake ndi wolimba, ndipo inayesedwa kwambiri ku Britain ndi kumaiko a Scandinavia. Kumeneko amaitcha early supported discharge. Wodwala amene sitiroko yake si yaikulu kwambiri amatulutsidwa msanga, koma gulu la namwino, wamafizo, wophunzitsa ntchito za pakhomo ndi wophunzitsa kulankhula limamutsatira kunyumba n'kumakagwira ntchito komweko. Peter Langhorne wa ku Glasgow ndi anzake atasonkhanitsa akafukufuku 17 mu 2017, anapeza kuti odwala otere ankakhala m'chipatala masiku ochepa, pafupifupi asanu ndi limodzi kuchepera, ndipo pa 100 alionse panali pafupifupi asanu owonjezera amene anapulumuka ku imfa kapena ku moyo wodalira ena. Phindu linaoneka makamaka kumene gululo linali lokwanira ndiponso lokumana kawirikawiri kukambirana za wodwala aliyense.

Tikaika akafukufuku atatuwa pamodzi, pali chimene akunena mogwirizana. Ku North Carolina chimene chinayenda kupita kunyumba kwa wodwala ndi mawu a pa foni ndi pepala. Ku India chinayenda ndi maphunziro oikidwa pamutu pa wachibale. Ku Britain ndi ku Scandinavia anayenda ndi anthu odziwa ntchito, ndi manja awo, mobwerezabwereza. Mwa zitatuzi chachitatu chokha ndicho chinasintha moyo wa odwala mooneka. Sindikuti foni ndi yachabe kapena kuti abale asaphunzitsidwe. Ndikuti uthenga pawokha sudzutsa munthu pa mphasa, ndipo amene akugulitsa ntchito ya namulondola ngati mankhwala a mipata yonse akulonjeza zoposa zimene umboni wapereka.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno chifukwa chimodzi choonekeratu. Ntchito imene ku America akuilembera namwino, m'zipatala za boma za ku Malawi ndi ku Zambia ikugwiridwa kale ndi wodwazika matenda, amene ku Malawi timamutchanso gadiyani. Nthawi zambiri amakhala mayi, mkazi wa wodwalayo, mwana wake wamkazi kapena mlongo wake. Ndiye amasambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kusunga kabuku ka kuchipatala, kuima pa mzere wa mankhwala, kufunsa dokotala akamadutsa, ndi kukambirana mtengo wa galimoto yobwerera kumudzi. Ndiye yekha amene amaona ulendo wonse kuchokera pa khomo loyamba mpaka lomaliza. Sanaphunzitsidwe, salipidwa, ndipo m'fayilo dzina lake limalembedwa pa mzere umodzi. Malo ophunzitsira munthu kuyendanso, monga Kachere ku Blantyre, ndi ochepa, ndipo odwala ambiri amachoka m'wodi kulunjika kumudzi. Wobwera ndi ndondomeko ya namulondola kuno ayenera kuyamba wavomereza kuti pa mpando umene akufuna kuikapo munthu pali kale wina, ndipo watopa.

Komanso sitikuyamba opanda kanthu. Kuyambira mu 2004, pamene Malawi inayamba kupereka ma ARV kwaulere, tinaphunzira kutsatira munthu mmodzi kwa zaka zambiri. Aliyense ali ndi khadi lake, tsiku lake lobwera likudziwika, ndipo akapanda kuoneka pamakhala womufunafuna. Matenda awiriwa si alendo kwa wina ndi mnzake. Kafukufuku wa Laura Benjamin ndi anzake ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2016, anasonyeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi HIV ndizo zikuluzikulu zimene zimayenda ndi sitiroko mwa akuluakulu a ku Malawi, ndipo HIV imaonekera kwambiri mwa achinyamata. M'boma la Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena okhalitsa mu 2015, kuti wa BP, wa shuga ndi wa khunyu azitsatiridwa monga mmene wa ma ARV amatsatiridwira, ndi anthu a m'mudzi momwemo oyendera makomo.

Bungwe limeneli ndi nthambi ya Partners In Health, imene inayambira ku Haiti m'zaka za m'ma 1980, ndipo kumeneko oyendera odwala ankatchedwa ndi mawu a Chifalansa akuti accompagnateur. Mawu amenewa Chichewa chili nawo kale: woperekeza. Ndikuona kuti ndiwo oyenera ntchito imene tikukambayi, ndipo amanena zoona kuposa a Chingerezi aja. Namulondola atha kuima pa khonde n'kuloza ndi chala. Woperekeza amanyamuka, amalandira katundu wa mlendo, amayenda naye. Kwathu kumusiya mlendo atuluke yekha pakhomo ndi mwano. Ndipo mwambo wa kuperekeza uli ndi funso lake limene aliyense amalidziwa: ndibwerere pati? Wina amabwerera pa mphambano, wina pa mtsinje, koma mlendo akakhala wofooka kapena kukada, woperekeza wabwino sabwerera mpaka atamusiya m'manja mwa munthu wina. Funso limenelo ndi limene ndondomeko zambiri siziyankha. Zimanena tsiku limene namwino ayamba. Sizinena dzina la womulandira wodwalayo pamene namwino akubwerera.

Chimene ndingasunge m'lingaliro la ku America ndi ichi: pakhale munthu mmodzi, wodziwika dzina, amene akafunsidwa za wodwala uyu sanganene kuti si mbali yake. M'chipatala aliyense amayankha za chipinda chake, ndipo mipata ya pakati ilibe mwini. Kupatsa mipata mwini ndi chinthu chachikulu. Ndipo pali zifukwa zomveka zoti mwiniyo akhale ndi maso a namwino. Namwino amadziwa kuti kutsokomola pakumwa madzi si chimfine. Amadziwa kuti khungu lofiira kapena loderapo pa thako ndi chiyambi cha chilonda chimene chingaphe, ndi kuti wogona ayenera kutembenuzidwa pafupipafupi usana ndi usiku. Amadziwa kuti phewa la mkono wofooka silikokedwa podzutsa munthu. Amadziwa kuti sitiroko inayamba ndi kutsekeka kwa mtsempha imasiyana mankhwala ndi imene inayamba ndi kuphulika kwa mtsempha, ndipo aspirin wothandiza pa yoyambayo akhoza kuvulaza pa yachiwiriyo. Amadziwanso kuti wodwala amene wangokhala chete, wosafuna kudya, mwina si wamwano. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa pambuyo pa sitiroko, ndipo nawo ali ndi chithandizo.

Wotsutsa anganene kuti m'dziko limene namwino mmodzi amayang'anira wodi yodzaza, kuchotsa mmodzi kuti aziyenda m'midzi ndi kuba kwa odwala otsala. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo sindikuganiza kuti yankho lake ndi kukopera udindo wa ku America monga uliri. Anthu oyamba a Freeman ku Harlem ambiri sanali anamwino. Anali anthu a m'deralo odziwa makomo ndi malankhulidwe a kumeneko. Chimene chingatheke kuno ndi ntchito yogawana: namwino wa m'wodi amene amakhala pansi ndi wodwazika tsiku lotuluka lisanafike n'kumuonetsa ndi manja, mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi amene wauzidwa kuti wodwala akubwera ndipo amafika pakhomo sabata yomweyo, ndi wamafizo wa pachipatala cha boma amene awiriwa angamuimbire. Koma phunziro la ku India lisaiwalike. Kugawana kumene kumathera pa kusenzetsa wachibale katundu yense, ndi kumutcha dzina laulemu, tikudziwa kale kumene kumafika. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utaphunzitsidwa.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene ndi yathu ife ogwira ntchito ya mawu. Tikamafotokoza matendawa m'Chichewa timakonda kunena kuti munthu wafa ziwalo. Mawuwa ali ndi chigamulo m'kati mwake, chifukwa chakufa sachiphunzitsa. Banja limene lauzidwa kuti mkono wafa limaupinda bwinobwino, kuufunditsa, n'kudikira. Pamene zoona zake n'zakuti chavulala ndi ubongo, mkono ulipo, ndipo ubongo umatha kupeza njira zina ukamakakamizidwa kuyesa. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyamba, nthawi yomweyo imene banja likudikira. Mawu akuti sitiroko alibe chigamulo chimenecho, koma sanenanso kanthu kwa amene sanamvepo. Ndiye pali mawu akuti BP yakwera, amene ambiri amawamva ngati chinthu chobwera ndi kupita monga malungo, kotero kuti mutu ukasiya kupweteka mankhwala amasiyidwa, ndipo sitiroko yachiwiri imapeza khomo lotseguka. Woperekeza amene sangathe kumasula mawu atatuwa pa khonde la wodwala, m'chilankhulo cha pakhomopo, angakhale ndi foni yabwino ndi fomu yodzaza koma ntchito sanaiyambe.

N'kutheka kuti lingaliro la nurse navigator lidzafika m'zipatala za m'chigawo chathu chino litavala dzina lachidule la Chingerezi ndi ndalama za zaka zitatu. Likadzafika tisadzalikane, chifukwa vuto limene likuloza ndi lenileni ndipo likupha anthu mwakachetechete m'nyumba zawo. Koma tidzafunse mafunso amene North Carolina inalipira kale kuti tiwadziwe. Namwinoyo adzafika pakhomo kapena adzangoimba? Wodwala wosalankhula adzamveka bwanji? Akadzapeza kuti mankhwala a BP atha pachipatala chaching'ono, ali ndi mphamvu yochitapo kanthu kapena adzangolemba? Wodwazika adzapeputsidwa chiyani? Amene sanabwerenso adzafunidwa ndi ndani, ndipo akapezeka atamwalira adzawerengedwa m'lipoti? Ndipo ndalama za zaka zitatuzo zikadzatha, wodwala amene ali pakati pa njira adzasiyidwa m'manja mwa yani?